Tabeth Sanali pa Mndandanda

Pofika mwezi wa Julayi 2006, panali patatha miyezi isanu chichokereni Tabeth kwa makolo ake. Panalibe kalata, panalibe uthenga, panalibe ngakhale munthu mmodzi amene akanati, "Ndamuona." Tabeth anali mwana wachiwiri wa a Vitus Sakala ndi akazi awo a Stelia, alimi a m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri la Kachebere m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia. Anali ndi zaka 13, ndipo anali mu Sitandade 6.

Anachoka mu Febuluwale, njala itafika povuta. Kunabwera mayi wina wooneka bwino, amene chaka chapitacho ankagula mtedza m'midzi imeneyo. Anthu ankangomutchula kuti Anachisale. Iye anati mchemwali wake wa ku Chipata akufuna mtsikana wolera khanda, ndipo mtsikanayo azidya katatu pa tsiku ndi kupita kusukulu masana. Anasiya ndowa imodzi ya chimanga kuti ndi yothokozera, nalonjeza kuti mwanayo adzabwera pa Pasaka. Pasaka inadutsa. Chimanga chinakololedwa, mtedza unakumbidwa. Tabeth sanabwere.

Owerenga a kutali asafulumire kuweruza banja limeneli. M'dera la m'malire, mwana kukakhala tsidya lina si chinthu chachilendo. Malire adadula mabanja pakati: malume ali ku Zambia, mphwawo ali ku Malawi, ndipo maliro amodzi amasonkhanitsa anthu a mayiko awiri. Mwana akaoloka, anthu amangoti wapita kwa achibale, ndipo safunsanso.

Lamulungu lina a Stelia anabwera kuchokera ku mapemphero a mphakati, kagulu ka akhristu a m'mudzimo, akupuma mofulumira. Anapeza amuna awo akusenda mtedza pakhonde.

"Bambo a Tabeth, mwamva? Ana 46 a m'midzi yathu ino agulitsidwa."

"Wanena ndani?"

"Zili pa pepala limene amata pachitseko cha tchalitchi. Ndaona ndi maso angawa."

"Pepala limalemba lokha?" anafunsa a Vitus, osadzutsa mutu. "A Saidu a pagolosale anali ku boma Lachinayi. Akuti milandu yotere imene yafika kupolisi chaka chino ndi iwiri yokha."

"Iwiri? Nanga 46 yachokera kuti?"

"Kafunseni amene anamata pepalalo."

"Ine ndikufunsa inu, chifukwa mwana anachoka m'nyumba mwanu."

A Vitus anasiya mtedza, navala chipewa, nalunjika kugolosale. Kumeneko anapeza nkhani yomweyo ili mkamwa mwa aliyense. A Pius, mkulu wa mphakati, ankati anamva pa wailesi kuti m'dziko lonse ana otere ndi zikwizikwi. A Saidu anabwereza za milandu iwiri ija. Mayi wina wodzagula mchere anati iye anamva kuti anawo sagwira ntchito ayi, amaphedwa, koma atafunsidwa kumene anamva, anati anamva pachitsime.

Amene ankalankhula mokweza kuposa onse anali Zakeyu, wakabaza amene ankanyamula anthu pa njinga kuwaolotsa malire kudzera njira zachidule.

"Achimwene a Sakala, musaonde nazo," anatero Zakeyu atatsamira njinga yake. "Manambala amenewa amaphikidwa m'maofesi. Bungwe likanena kuti ana ndi awiri, ndani angalipatse galimoto? Likanena kuti 46, galimoto imabwera ndi dalaivala wake yemwe. Ine ndimadutsa m'malire muno kasanu pa tsiku. Sindinaonepo mwana ali m'thumba."

"Iwe Zakeyu, umaona chiyani kupatula matayala ako?" anatero a Pius. Anthu anaseka.

"Nanga inu wailesi yanuyo inabwera kuno kudzawerenga?" anabweza Zakeyu.

Anthu anasekanso. A Vitus anabwerera kunyumba mutu uli wolemera kuposa mmene anachokera. Pa manambala onse amene anamva, anasankha kukhulupirira yaing'ono ija, osati chifukwa inali ndi umboni woposa zinazo, koma chifukwa ndiyo inkawalola kudya ndi kugona. A Stelia anagwiritsa yaikulu, ndipo anayamba kulira mwana wawo ngati wamwalira kale. Onse awiri ankatsutsana za nambala, ndipo panalibe amene ankafunafuna mwanayo.

Tsono nambala ya 46 inachokera kuti? M'mwezi wa Meyi kunabwera anyamata ndi atsikana a bungwe lina atanyamula mapepala. Ankayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti, "Kodi pali mwana wa pakhomo pano amene sakugona pano?" Funsolo silinali loipa, koma linagwera anthu amene adazolowera kuti munthu wa pepala ndi cholembera amabweretsa chimanga chaulere kapena makuponi a feteleza. Aliyense anayesetsa kuti khomo lake lilowe. Koma a Vitus, ataona mapepalawo, anakumbukira ndowa ya chimanga ija. Anaopa kuti anthu adzati anagulitsa mwana wawo. Anayankha kuti ana onse ali pakhomo, ndipo analetsa akazi awo kutsegula pakamwa.

Kumapeto kwa Julayi kunabwera mayi Caroline Mwale, amene ankagwira ntchito yoteteza ana m'deralo pansi pa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma. Anaitanitsa msonkhano Loweruka mmawa m'kalasi ya pasukulu ya pulaimale. Anthu anadzaza mpaka ena anaima m'mawindo, chifukwa ambiri ankayesabe kuti kugawidwa kanthu.

Mayi Mwale analemba pa bolodi manambala awiri, 46 ndi 2.

"Manambala onsewa mwawamva," anatero. "Lero sindinabwere ndi chimanga, sindinabwere ndi makuponi. Amene wabwerera zimenezo ali ndi ufulu wopita." Anthu asanu ndi mmodzi anatuluka. "Otsalanu, tiwerenga maina onse amene ali pa mndandandawu. Pa dzina lililonse ndifunsa mafunso atatu. Mwanayo ali kuti? Ali ndi ndani? Mawu ake munawamva liti komaliza?"

Anayamba kuwerenga.

"Alinafe Tembo."

"Ndilipo, mayi," anayankha mtsikana wina wobereka khanda kumbuyo.

"Iwe ndiwe wogulitsidwa?"

"Ayi, mayi. Nthawi imeneyo ndinali kwa apongozi anga kudikirira kuchira."

"Nanga anakulemberanji?"

Amayi ake a Alinafe anayankha mosachita manyazi. "Ife tinkayesa ndi za feteleza. Anatifunsa ngati akugona pakhomo, ndipo sankagona pakhomo. Tinanama pati?"

Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Mayi Mwale sanaseke. Anadula dzinalo napitiriza.

"Rozi Mbewe."

"Akuphunzira kusukulu yogonera komweko ku Guilleme. Anabwera pa holide, wabwereranso."

"Kwacha Zulu."

"Ali kwa amalume ake ku Kapiri," anayankha agogo ena. "Ndinali komweko mwezi watha. Wanenepa."

Patapita maina anayi, mayi Mwale anawerenga kuti, "Stefano Zulu."

"Ali kwa amalume ake ku Kapiri," anayankha bambo wina wa mudzi woyandikana.

"Amalume amodzi omwewo akusunga ana awiri?"

Bamboyo anayang'ana agogo aja, agogowo nawonso anayang'ana bamboyo. Kenaka zinadziwika kuti Kwacha ndi Stefano anali mwana mmodzi. Kuchikazi anamulembetsa ndi dzina la pakhomo, ndipo bambo ake anamulembetsa kwawo ndi dzina la ubatizo.

Ntchitoyi inatenga maola atatu. Potsiriza mayi Mwale analemba zimene anapeza. Ana 29 anali kwa achibale, kusukulu kapena pabanja, ndipo makolo awo ankadziwa bwino za iwo. Maina asanu anali obwereza. Ana asanu ndi atatu ankaweta ng'ombe kapena kugwira ntchito m'maesiteti a fodya odziwika. Mayiwo anati nkhani ya amenewa sinathe, chifukwa malo a mwana ndi kusukulu. Ana anayi okha ndiwo panalibe wodziwa kumene ali.

Zakeyu anaomba m'manja. "Mwaona! Ndinanena ine. Kuchoka pa 46 kufika pa anayi! A Pius, wailesi yanu ija kaigulitseni."

"Dikirani, achimwene," anatero mayi Mwale. "Nambala ya anayi musaikhulupirirenso."

Anthu anayang'anana.

"Mwatiwerengetsa mmawa wonse kuti mutiuze kuti tisakhulupirire?" anafunsa a Pius.

"Mvetserani. Apolisi akati milandu ndi iwiri, sakunama. Iwo amawerenga anthu amene afika pakhomo pawo kudzadandaula. Amene sanapite sawerengedwa. Abungwe akati 46, sakunamanso. Iwo analemba zimene inu munawauza. Nambala ya pa wailesi nthawi zambiri imakhala yongoyerekeza: amawerenga midzi ingapo, kenaka n'kuchulukitsa kuti ikwane dziko lonse. Midziyo ikakhala ngati ino, taganizirani zotsatira zake. Ndipo amene amaba ana sasunga kaundula woti tikawerenge."

"Tsono zoona ndi ziti?" anafunsa a Saidu. "Ndi ambiri kapena ndi ochepa?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Mwachokera ku boma kudzatiuza kuti simukudziwa?"

"Inde. Ndipo munthu akadzakuuzani kuti akudziwa ndendende, mudzamufunse kuti anawerenga ndani, anawerenga liti, ndipo anafunsa funso lotani. Mndandanda uwu unali ndi maina amene sanayenere kukhalamo. Zimenezo taziona. Chimene chikundiopsa ine ndi maina amene anayenera kukhalamo koma mulibe. Tsono ndifunse. Kodi muno muli kholo limene mwana wake anachoka, mawu ake sakumveka, koma silinalembetse?"

A Stelia anayamba kudzuka. A Vitus, amene anakhala kumbuyo kwawo, anagwira nsonga ya chitenje chawo.

"Nambewe, khalani pansi," ananong'ona. "Mukufuna ndikagone kupolisi?"

"Nanga mwana wanga akugona kuti?" anayankha a Stelia, ndipo sananong'one. Anthu onse anamva.

Anaimirira nafotokoza zonse: za Anachisale, za khanda la ku Chipata, za Pasaka, ndiponso za ndowa ya chimanga. Pofika pa ndowayo, a Vitus anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Bambo Sakala, vulani chipewacho tionane," anatero mayi Mwale. "Munalakwa kupereka mwana kwa munthu amene dzina lake lenileni simukulidziwa. Zimenezo sindingakubisireni. Koma njala ya chaka chino ndinaiona, ndipo munanamizidwa. Ine ndabwera kudzapeza mwana, ndipo wofunika kuyankha mlandu ndi amene ananamayo. Chimene chatiwonongera kwambiri si ndowa ija. Ndi miyezi isanu imene mwakhala chete."

"Ndinamva kuti milandu ndi iwiri yokha," anatero a Vitus ndi mawu otsika. "Ndinati mwina nkhanizi n'zongokokomeza."

"Ikanakhala itatu mukanapita kukanena," anayankha mayi Mwale.

Kenaka anayamba kufunsa mafunso ang'onoang'ono. Mayiyo ndi wamtali bwanji? Amalankhula ngati wa kuti? Tabeth anavala chiyani? Anadzera njira iti?

"Ndi wojintcha, woyera pang'ono, ali ndi dzino lagolide kutsogoloku," anatero a Stelia. "Tabeth anavala deresi yobiriwira ya kwaya. Sanadzere pachipata cha malire. Anati akwera kabaza."

Pamenepo maso ambiri anatembenukira kwa Zakeyu. Iye anali atasiya kumwetulira.

"Wa dzino lagolide?" anafunsa pang'onopang'ono.

"Mukumudziwa?" anatero mayi Mwale.

"Ndinamunyamulapo. Katundu ndi mwana amakwera kwa ine, iye amakwera kwa mnzanga." Kenaka anaonjezera kuti, "Koma anati ndi mwana wa achemwali ake. Mayi, ine tsiku lililonse ndimanyamula amayi ndi ana. Ndikanadziwa bwanji?"

"Munamunyamula kangati?"

"Katatu."

"Ndi mwana yemweyo?"

Zakeyu anayang'ana pansi. "Ayi. Ulendo uliwonse anali wina."

"Achemwali akewo ali ndi ana ambiri," anatero a Pius, koma panalibe amene anaseka.

"Ndinkayembekeza kuona mwana womangidwa, wolira," anatero Zakeyu. "Amenewa ankakwera okha, atanyamula kajumbo, ena akusekerera."

"Ambiri amapita choncho," anatero mayi Mwale. "Amapita atalonjezedwa sukulu. Munkawatsitsa pati?"

Zakeyu anafotokoza kuti ankawatsitsa pachigayo china tsidya la Zambia, pamene pankadikira galimoto yaing'ono yonyamula katundu, yoyera, yosweka galasi lakumbuyo. Anavomera kukalozera malowo.

Lolemba mmawa mayi Mwale, a Vitus, a Stelia ndi Zakeyu anapita kupolisi ku boma. A Stelia anatenga chithunzi chimodzi chokha chimene anali nacho, cha tsiku limene Tabeth analandira Ukalistia woyamba. A Vitus analowa mu ofesimo akuopa kumangidwa, koma anangofunsidwa mafunso, nasaina, natuluka. Apolisi a ku Mchinji analumikizana ndi anzawo a ku Zambia.

Sizinayende msanga. Ulendo woyamba apolisi ndi a Vitus anapeza chigayo chili chotseka chifukwa cha maliro. Ulendo wachiwiri mwini chigayo anati galimoto zoyera ndi zambiri ndipo iye sawerenga magalasi. Ku Chipata kunalibe nyumba ya mchemwali wa Anachisale, kunalibenso khanda. A Vitus anabwerera kawiri konse opanda kanthu, ndipo m'mudzi anthu anayambanso kutsutsana, ena akuti mwanayo ali ku Lusaka, ena akuti anakwatiwa, ena akuti a Sakala akungovutitsa boma. Koma mayi wina wogulitsa zitumbuwa pachigayopo anakumbukira galimotoyo, ndipo anadziwa famu imene inkapita.

Pa tsiku la 19 chichitikireni msonkhano uja, apolisi a mayiko awiriwo, pamodzi ndi mayi Mwale ndi a Vitus, anafika pa famu ina ya fodya kupitirira Chipata. Anapeza Tabeth kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya akutsuka miphika ya antchito. Deresi yobiriwira ija inali itasanduka yotuwa, ndipo manja ake anali ong'aluka. Ataona bambo ake anaima chilili, mphika uli m'manja.

"Ababa, mwabwera?"

"Ndabwera, mwanawe."

"Ndinkayesa munaiwala njira. Anandiuza kuti mukudziwa kumene ndili."

A Vitus anamuyandikira. Anangomulanda mphikawo nauika pansi.

Tabeth sanalowepo m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Ankadzuka m'mamawa kukatunga madzi, masana ankasankha fodya, madzulo ankaphika. Atafunsa za kwawo, kapitawo woyang'anira antchito anamuuza kuti alibe mapepala, ndipo akangotuluka pa famupo amangidwa. Apolisi anatenga kapitawoyo ndi mwini famu kukawafunsa. Anachisale sanapezeke tsiku limenelo, koma dzina lake lenileni linadziwika ndipo anayamba kufunidwa.

Pa famupo anapezaponso ana ena atatu ochokera ku Malawi. Ali m'galimoto pobwerera, mayi Mwale anafunsa Tabeth ngati analipo anayi okha chiyambire.

"Ayi, mayi. Nthawi yothyola fodya tinalipo 11. Ena anawatenga fodya atatha."

"Anawatengera kuti?"

"Sindikudziwa."

"Maina awo ukuwakumbukira?"

Tabeth anawerenga pa zala zake. Anakumbukira maina asanu ndi limodzi, ndi midzi ya ana anayi. Mayi Mwale analemba, kenaka anatulutsa mndandanda wa maina 46 uja nauyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anapezapo dzina limodzi lokha mwa maina amene Tabeth anatchula. Enawo sanalembedwe pa pepala lililonse, ndipo panalibe amene anakawadandaulira kupolisi.

"Tsono ndi angati onse, mayi?" anafunsa a Vitus.

"Sindikudziwabe, bambo Sakala. Koma tsopano ndili ndi maina ndi midzi. Mawa ndiyamba ndi wa ku Chiosya uyu."

Tabeth anafika kwawo dzuwa likadali pamutu. A Stelia anamuona ali patali, ndipo anathamanga mpaka mpango unagwa m'njira. Tabeth anakhala sabata ziwiri akulandira mankhwala a chifuwa, kenaka anabwerera ku Sitandade 6. Anabwereza kalasiyo, ndipo chaka chotsatira anakhoza. Mphakati wa m'mudzimo unagwirizana kuti mwana aliyense wochoka azilembedwa m'buku: dzina lake lonse, dzina la womutenga, kumene akupita, ndi tsiku lodzabwerera. Zakeyu ndi anzake a kabaza anagwirizana kuti mlendo woolotsa mwana aziyamba wafunsidwa, ndipo mwanayo azifunsidwa payekha. Mwa ana amene Tabeth anatchula, awiri anapezeka Khirisimasi isanafike. Enawo sanapezeke chaka chimenecho.

Phunziro la nkhaniyi ndi ili. Chiwerengero chenicheni cha ana ozembetsedwa n'chovuta kuchidziwa, chifukwa mchitidwewu umachitika mobisa. Nambala ina imakula chifukwa cha kulemba mosasamala, ina imachepa chifukwa cha mantha ndi manyazi a makolo. Mukamva nambala, funsani kuti anawerenga ndani ndipo anawerenga motani. Akabwera olemba, nenani zoona zokhazokha: musaonjezere dzina poyembekeza thandizo, ndipo musabise dzina poopa mlandu. Musapereke mwana kwa munthu amene dzina lake, mudzi wake ndi kumene akupita simukuzidziwa bwino. Ndipo mwana wanu akapanda kubwera pa tsiku limene analonjezedwa, musadikire kuti akuluakulu agwirizane kaye ngati vutoli ndi lalikulu kapena laling'ono. Pitani kupolisi kapena kwa woteteza ana sabata yomweyo, mukatchule dzina lake.